Kolona Si Mabuleki

Pamaliro a munthu amene wafa pa ngozi ya galimoto sipalephera kumveka mawu akuti inali nthawi yake, Mulungu wamuitana. Amene amalankhula mawuwa amakhala ndi mtima wabwino, pakuti amafuna kupukuta misozi ya ofedwa, ndipo palibe munthu wanzeru amene angaimirire pasiwa n'kuyamba kuwatsutsa. Koma pano sitili pasiwa ayi. Tili pa tsamba loganizirapo mofatsa, choncho ndinena poyera kuti kawirikawiri mawu amenewa ndi bodza, ndiponso ndi bodza loopsa, chifukwa limasenzetsa Mulungu mlandu umene wapalamula ndi munthu. Si Mulungu amene adathamangitsa galimoto pakona. Si Mulungu amene adamwa mowa n'kugwira chiwongolero. Si Mulungu amene adaona chifunga chitaphimba phiri n'kunena kuti tiyeni tizipita, tachedwa. Imfa zambiri za pamsewu zili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ali ndi dzina laubatizo.

Kuti mfundo yanga imveke bwino, tiyeni abale anga tipite kutali pang'ono, ku chilumba cha Madeira, chimene chili m'nyanja yamchere ya Atlantic ndipo ndi gawo la dziko la Portugal. Ndi chilumba cha Akatolika kuyambira kale: dayosizi ya Funchal, mzinda wake waukulu, idakhazikitsidwa m'chaka cha 1514, ndipo Papa John Paul II adakachezako m'chaka cha 1991. M'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 57, m'lifupi 22, koma pakamtunda kakang'ono kotereka pali mapiri otalika zedi. Nsonga ya Pico Ruivo imapitirira mamita 1,860, ndipo ku nsonga ya Pico do Arieiro, ya mamita 1,818, galimoto imafika. Tangoganizani: munthu anyamuka pagombe la nyanja ku Funchal, ndipo atayenda makilomita ngati 20 okha wakwera kale mamita 1,800, ali pamwamba pa mitambo. Msewu wokwera msanga chomwechi sungakhale wowongoka. Umangokhotakhota, kwina thanthwe, kwina phompho. Alendo ochokera ku Germany, ku Britain ndi kumaiko ena amakhamukira kumeneko chaka chonse, ndipo ambiri akangotsika ndege amabwereka galimoto kuti adziyendetsere okha.

Pa 17 Epulo 2019, Lachitatu la Sabata Loyera, basi yonyamula alendo idaphonya msewu pakona ya mtsetse ku Caniço, kum'mawa kwa Funchal, n'kugubuduzika mpaka kukagwera pa nyumba. Anthu 29 ochokera ku Germany adafa, ndipo dziko la Portugal lidakhala masiku atatu likulira maliro. Anthuwo adapita kukapuma ndi kukaona kukongola kwa chilengedwe. Abale awo adachita Pasaka ya chaka chimenecho ali ndi misozi. Sindikutchula ngozi imeneyi kuti ndiweruze amene ankayendetsa basiyo. Ndikuitchula chifukwa cha phunziro limodzi lokha: ngati msewu wa m'phiri utha kugonjetsa munthu amene kuyendetsa galimoto pachilumbapo ndiye ntchito yake ya tsiku ndi tsiku, nanga mlendo amene wafika dzulo, amene sadziwa kuti kuseri kwa kona kuli chiyani, kudzitama kwake akukutenga kuti?

Apa wina anganene kuti: "Bambo mfumu, kodi mwasanduka wapolisi wa pamsewu? Tiuzeni za kumwamba, za magiya asiyireni amakaniko." Amene akuganiza choncho sadziwa bwino chiphunzitso cha Eklezia wake. M'chaka cha 1965, Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chotchedwa Gaudium et Spes, ndime 30, udadzudzula anthu amene amapeputsa malamulo a pamsewu osaganizira kuti kusasamala kwawo kukuika moyo wawo ndi wa anzawo pachiswe. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa m'chaka cha 1992, pa nambala 2290, amaphunzitsa kuti munthu amene aika moyo pangozi pamsewu chifukwa cha kuledzera kapena kukonda liwiro amapalamula mlandu waukulu. M'chaka cha 2007, nthawi ya Papa Benedict XVI, likulu la Eklezia lidatulutsa malangizo a ntchito yaubusa pakati pa oyenda pamsewu, ndipo Kadinala Renato Martino adalengeza malamulo khumi a oyendetsa galimoto. Loyamba mwa malamulowo silinali lachilendo: linali lamulo lachisanu lomwe lija la Mose, loletsa kupha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, lidawerengera mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndi kuti palibe chimene chimapha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 koposa ngozi za pamsewu. Mbusa amene angakhale chete pamene nkhosa zikutha motere ndiye kuti ndi waganyu chabe.

Tsono tiyeni tione machimo a mlendo wa m'misewu ya m'mapiri, limodzilimodzi.

Loyamba ndi kunyada. Munthu amati, "Ndayendetsa galimoto zaka makumi awiri, palibe chimene mungandiuze." Iwalani zaka zimenezo. Ku Portugal galimoto zimayenda kudzanja lamanja, pamene ife a kuno kwathu, a ku Zambia, ku Mozambique, ku Zimbabwe, ku South Africa ndi abale athu okhala ku Britain tidazolowera kumanzere. Mumzinda, pamene galimoto zili mdipiti, mlendo salakwa kawirikawiri, chifukwa amangotsatira amene ali patsogolo. Ngozi imabisala kuphiri, kumene msewu uli zii. Munthu waima pamalo oonera zigwa, wajambula zithunzi, wabwerera m'galimoto mtima uli m'malere, ndipo polowa mumsewu thupi lake limachita zimene lidazolowera: limapita kumanzere. Akadzidzimuka pakona, dzanja limakhotetsanso chiwongolero kumene lidazolowera. Zaka makumi awiri zimene akunyadirazo ndizo zimene zingamuphe. Akuluakulu adati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Lachiwiri ndi kusafuna kuphunzira mmene phiri limagwirira ntchito pa galimoto. Ambiri amaopa chitunda, koma chakupha ndi mtsetse. Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro lake kukhala kutentha. Pamsewu wa pachidikha mumaponda pang'ono n'kusiya, ndipo zitsulo zimapeza mpata wozizira. Koma munthu wotsika kuchokera ku Pico do Arieiro phazi lili pabuleki njira yonse, galimoto ili m'giya yaikulu, amaunjika moto pamwamba pa moto. Zogwirira matayala zimapsa n'kuyamba kuterera, mafuta a mabuleki amatha kuwira, ndipo nthawi imafika pamene phazi limangolowa pansi popanda chogwira. Mankhwala ake ngodziwika kwa dalaivala aliyense wa lole amene amatsika Chiweta kapena msewu wa Khwekhwelere wopita ku Golomoti: tsikani phiri ndi giya yomwe mukadakwerera nayo, injini ndiyo igwire galimoto, mabuleki azingothandizira. Ngakhale galimoto zosintha magiya zokha zili ndi njira yozitsekera m'giya yaing'ono, ndipo wobwereka galimoto ayenera kufunsa za njirayo asanachoke pabwalo. Mukamva fungo la kupsa, imani pamalo abwino, mudikire kuti zizizire. Kufunsa sikuchotsa ulemu wa bambo wa pabanja. Safunsa adadya phula.

Lachitatu ndi changu. Mlendo ali ndi masiku asanu okha, walipira ndalama zambiri, ndipo akufuna kuona zonse: m'mawa dzuwa likutuluka pa Pico do Arieiro, masana ku Curral das Freiras, chigwa chakuya chimene masisitere a Santa Clara adathawirako m'chaka cha 1566 pamene achifwamba a panyanja a ku France adaukira Funchal, madzulo ku Porto Moniz kumapeto kwa chilumba. Pamapu malo onsewa amaoneka oyandikana, koma phiri siliwerenga mapu. Ndiye munthu akaona kuti dzuwa lapendeka, amayamba kulipira ngongole ya nthawi ndi liwiro. Masamu ake ndi awa. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akacheuka masekondi awiri okha kuti aone mathithi, wayenda mamita 28 ali wakhungu. Ndiponso mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto umachuluka kanayi. Pamsewu wokhotakhota lamulo ndi limodzi: yendani pa liwiro loti mutha kuima mkati mwa mtunda umene maso anu akuona. Ngati mukufuna kuona kukongola kwa malo, imani pamalo oimapo, mukoke buleki ya pamanja, muike galimoto m'giya, mutsike, muyamike Mlengi ndi maso onse awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lachinayi ndi kunyoza nyengo. Pachidikha cha pamwamba cha Paul da Serra, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndi pampata wa Encumeada, chifunga chimatha kugwa mwadzidzidzi pamene kugombe anthu akuwothera dzuwa. Ng'ombe za eni dera zimadya momasuka kumeneko ndipo zimaima pakati pa msewu. M'chifunga nyali zazikulu sizithandiza, zimangobwezera kuwala m'maso mwanu. Zofunika ndi nyali zoyang'ana pansi ndi liwiro la munthu woperekeza maliro. Mvula ikagwa, miyala imagumuka kuchokera m'matanthwe. Pa 20 Febuluwale 2010 mvula yamphamvu idabweretsa madzi osefukira ndi zigumukire zimene zidapha anthu oposa 40 pachilumbachi. Mbali zina za msewu wakale wa kugombe la kumpoto, pakati pa São Vicente ndi Porto Moniz, umene udasemedwa m'thanthwe pamwamba pa nyanja, zidatsekedwa, ndipo boma lidaboola misewu ya m'kati mwa mapiri kuti anthu aziyenda mosaopa. Komabe pamapezeka alendo amene amaona chikwangwani choletsa ngati chipongwe, kapena amene amamvera mapu a pa foni koposa maso awo, foni n'kuwalowetsa m'kanjira kotsetsereka ka m'minda chifukwa choti ndi kachidule. Foni ilibe ana oti idzasiye amasiye. Inu muli nawo.

Lachisanu ndi mowa. Madeira ndi kwawo kwa vinyo wotchuka padziko lonse, ndiponso kuli chakumwa chotchedwa poncha, chosakaniza kachasu wa nzimbe, uchi ndi madzi a ndimu. Chimatsekemera pakamwa, choncho mlendo amachiyesa chakumwa cha ana. Lamulo la ku Portugal sililola woyendetsa galimoto kukhala ndi mowa wofika theka la galamu pa lita imodzi ya magazi, ndipo kwa amene angolandira kumene chiphaso muyezo wake ndi wocheperapo. Koma Mkhristu asamafunse kuti ndingamwe wochuluka bwanji osagwidwa. Mowa umayamba ndi kupha mantha, kenaka n'kuchedwetsa phazi. Umakupatsa kulimba mtima pa nthawi yomweyo imene ukukulanda luso. Pamsewu umene kulakwitsa kwa mita imodzi kumathera kuphompho, muyezo wa munthu wachikondi ndi kusalawa n'komwe.

Pali tchimo lina limene limabisala pansi pa onsewa, ndilo kuiwala kuti msewu uli ndi eni ake. Kwa mlendo, msewu wa m'phiri ndi malo osangalalirapo. Kwa anthu pafupifupi 250,000 okhala ku Madeira ndi njira ya kumunda, ya kusukulu, ya kuchipatala, ya ku Misa. Kuseri kwa kona imene mlendo akuidula kuti amve kukoma kwa liwiro kungakhale gogo wosenza mtolo wa udzu, ana otsika basi, kapena mlimi wotuluka m'munda wa nthochi. M'midzi yambiri ya m'mapiri khomo la nyumba limatsekukira mumsewu mwenimweni. Mwambo wathu umati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mlendo wa galimoto atha kukamuka atasiya chilema kapena manda m'banja limene silidamulakwire kanthu. Ulemu wa mlendo uoneke pamsewu. Mukakumana ndi galimoto ina pamalo opapatiza a chitunda chachikulu, lamulo la kumeneko limati wotsika ndiye apatse njira wokwera. Pakona yosaoneka kutsogolo lizani hutala. Mwini dera akakuthirani mpweya m'khosi chifukwa mukuyenda pang'onopang'ono, musapikisane naye, ndipo musalole kuti akuthamangitseni. Pezani malo otakasuka, mupatuke, adutse. Iye akudziwa kona iliyonse ndi dzina lake. Inu simukudziwa.

Tsopano ndifike pa chimene chandipweteka kwambiri monga wansembe. M'galimoto zambiri za Akatolika mumalendewera kolona pagalasi, ndipo pena pamamatidwa chithunzi cha Christopher Woyera, nkhoswe ya apaulendo. Ansembe timadalitsa galimoto ndi madzi odalitsidwa, ndipo timachita zimenezi mokondwa. Ndi mwambo wabwino. Koma dalitso si chithumwa. Munthu amene amapachika kolona pagalasi kenaka n'kuyendetsa ngati wamisala wasandutsa chinthu choyera kukhala nyanga, ndipo chikhulupiriro chake sichisiyana ndi cha amene amakwirira mankhwala pakhomo. Kumbukirani zimene Mateyu Woyera akutisimbira m'mutu 4 wa Mthenga wake. Satana adatengera Ambuye Yezu pamwamba pa Nyumba ya Mulungu n'kuwauza kuti adziponye pansi, poti angelo adzawawakha. Adagwiritsa ntchito Malembo Oyera amene pofuna kuwanyenga. Ambuye adakana, chifukwa kudziponya dala m'ngozi n'kumayembekeza chozizwitsa ndiko kuyesa Mulungu. Dalaivala amene amapitirira galimoto inzake pakona ya m'phiri akudalira mngelo wake womusunga akuvomera chiyeso chomwe Ambuye adachikana. Pemphero la paulendo limayankhidwa kudzera m'maso otseguka, m'mutu wosaledzera ndi m'phazi lodziletsa. Mulungu adatipatsa kale zimenezi. Kuzitaya n'kumapempha zina ndi chipongwe.

Ndikudziwa kuti ena adzati ngozi imagwera ngakhale osamala. N'zoona. Mwala utha kugumukira galimoto ya munthu wosalakwa, tayala latsopano litha kuphulika, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Pa imfa zotere timagwada n'kupereka zonse m'manja mwa Mulungu, ndipo palibe amene ayenera kuwonjezera katundu pa mitima yosweka kale. Koma kukhalapo kwa ngozi zosapeweka sikukhululukira ngozi zimene tidaziitana tokha. Munthu amene nyumba yake yapsa ndi mphezi ndi wosiyana ndi amene adasiya moto pafupi ndi tsekera n'kupita kumowa. Tikasakaniza awiriwa n'kunena kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu, ndiye kuti tatseka khomo la kulapa, ndipo mawa tidzaikanso wina m'manda pa chifukwa chomwecho.

N'chifukwa chake ndikufunsa mabanja a m'maparishi athu mafunso amene sakondedwa. Inu bambo, podzifufuza mumtima musanapite ku sakramenti la kulapa, kodi mudayamba mwadzifunsapo za mmene mumayendetsera galimoto? Timakumbukira kuti tidajomba ku Misa, timakumbukira mawu oipa amene tidalankhula, koma tsiku limene tidanyamula banja lonse n'kulithamangitsa m'mphepete mwa phompho timaliyesa luso. Kusachita ngozi tsiku limenelo sikutanthauza kuti panalibe tchimo. Kukutanthauza kuti Mulungu adakuchitirani chifundo. Inu mayi, ndi inu achinyamata okhala kumpando wa kumbuyo, kukhala chete pamene woyendetsa akusewera ndi moyo wanu si ulemu ayi. Nenani mwaulemu koma mosabwerera m'mbuyo: "Bambo, chepetsani liwiro, apo ayi tiimitseni titsike." Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo lamulo limeneli silipatula munthu: limagwira wansembe wothamangira Misa ya kunthambi, sisitere, katekisiti, ndi dalaivala wa basi ya amwendamnjira chimodzimodzi. Misa yoyamba mochedwa ndi mphindi 20 siidaphepo munthu.

Ena mwa ana athu amene ali ku Britain, ku Ireland kapena ku South Africa adzapita kukapuma ku zilumba zonga Madeira, ndipo ena mwa inu mudzawatsatira. Asananyamuke auzeni zinthu zosavuta izi. Asayendetse galimoto m'phiri tsiku limene afika atatopa ndi ulendo wa usiku. Abwereke galimoto yaing'ono imene angaikwanitse, ayang'ane matayala ndi mabuleki, athire petulo wokwanira asanakwere kumene kulibe malo omwetsera. Aliyense amange lamba, wakutsogolo ndi wakumbuyo yemwe. Afunse eni dera za nyengo ya kuphiri, auze wina kumene akupita, abwerere kusanade, ndipo adziwe kuti nambala yoitanira chithandizo ku Portugal ndi m'maiko onse a European Union ndi 112. Ngati mtima ukuwauza kuti msewu wawakulira, akwere basi kapena alembe dalaivala wa komweko. Palibe manyazi pamenepo. Manyazi ali pa kubweza mwana wa eni m'bokosi chifukwa choti bambo adafuna kuonetsa kuti ndi mwamuna. Ndipo amene sadzakwera ndege moyo wawo wonse asaganize kuti nkhaniyi yawaphonya, pakuti mtsetse wa Chikwawa, msewu wokwera phiri la Zomba ndi makona a Gorodi opita ku Livingstonia amamvera malamulo omwewo a kulemera, liwiro ndi kutentha.

Pamene Mulungu adafunsa Kaini za mbale wake, Kaini adayankha ngati munthu amene udindo wosunga mnzake sukumukhudza. Funso lomwelo lidzafunsidwa kwa aliyense amene adagwirapo chiwongolero, ndipo silidzakhala la kuti mudafika nthawi yanji kapena mudaona malo angati. Lidzakhala la anthu amene adakhala m'galimoto mwanu akukukhulupirirani, ndi la anthu osawadziwa amene anali kuseri kwa kona. Pachikani kolona pagalasi, ndipo muipemphere musananyamuke. Mukatha, ikani giya yaing'ono, mutsike phiri modekha.